Nazale za oyendetsa galimoto za mpikisano: zimalima akatswiri kapena zimangosankha?

Mu 1995, pa mwambo wopereka mphoto kwa ochita mipikisano ya galimoto mumzinda wa London, kamnyamata ka zaka 10 kanapita kwa Ron Dennis, yemwe panthawiyo anali mkulu wa timu ya McLaren. Kanapempha siginecha, kenako kanawauza bwanawo mosaphethira kuti tsiku lina kakufuna kudzayendetsa galimoto zawo. Mu 1998 McLaren inamutenga mwanayo, ali ndi zaka 13, n'kuyamba kumulipirira mipikisano. Mu 2007 analowa mu Formula 1, ndipo chaka chotsatira anakhala katswiri wa dziko lonse. Dzina lake mukulidziwa: Lewis Hamilton, amene watenga ukatswiriwu maulendo 7.

Nkhaniyi ndimaikonda, koma ndimaiopanso. Imakoma kwambiri moti munthu ukaimva umasiya kufunsa mafunso, pamene sayansi ndi kufunsa mafunso basi. Maganizo anga ndi awa: mapulogalamu amene matimu amalerera oyendetsa achinyamata ndi ofunika ndipo amagwiradi ntchito, koma timawatamanda mopitirira muyezo. Ntchito yawo yaikulu ndi kusefa, ndipo sefayo ili ndi mabowo olakwika awiri. Tiyeni tione limodzi, kenako inu mugamule.

Kodi nazaleyi imatani?

Palibe amene amayambira mu Formula 1. Makwerero ake amayambira pa kart, kagalimoto kakang'ono kopanda denga kokhala ndi injini yaing'ono, komwe ana amayamba kuyendetsa ali ndi zaka 6, 7 kapena 8. Akafika zaka pafupifupi 15 amakwera Formula 4, kenako Formula 3, kenako Formula 2. Bungwe la FIA, loyang'anira mipikisanoyi pa dziko lonse, silipereka chiphaso cha Formula 1 pokhapokha munthu atasonkhanitsa mapointi 40 m'zaka zitatu kuchokera m'mipikisano ya m'munsiyi.

Matimu akuluakulu amaima m'mbali mwa makwererowa n'kumatola ana amene akuoneka kuti ali ndi luso. Red Bull Junior Team inayamba mu 2001, ndipo munatuluka Sebastian Vettel ndi Max Verstappen. Ferrari Driver Academy inayamba mu 2009, ndipo Charles Leclerc analowamo mu 2016. Mercedes inatenga George Russell mu 2017, ndipo inatenga Kimi Antonelli akadali pa kart. Ine ndimazitcha nazale, chifukwa zimachita zomwe mlimi wa fodya amachita: kufesa zambiri pa malo ochepa, kuthirira bwino, n'kudzawokera zochepa zokha kumunda.

Kuthirira kwake n'kwa sayansi yeniyeni. Tengani cholembera tiwerengetse. Galimoto yothamanga makilomita 300 pa ola: mamita 300,000 kugawa ndi masekondi 3,600, tikupeza mamita 83 pa sekondi imodzi. Mukamati "wani", galimoto yatsala pang'ono kumaliza bwalo lonse la mpira. Munthu amatenga pafupifupi sekondi 0.2 kuti achitepo kanthu pa chimene waona, ndiye pamenepo wadutsa kale mamita 16 kapena 17. N'chifukwa chake woyendetsa sadikira kuona kaye. Amaloweza msewu wonse mu simulator, chipangizo cha kompyuta chotsanzira galimoto yeniyeni, mpaka manja ndi mapazi azidziwa okha zochita.

Nanga thupi? Akaponda mabuleki mwamphamvu kapena akamakhota pa liwiro, thupi limamva mphamvu yofika pafupifupi 5g, kutanthauza kasanu kulemera kwake. Mutu pamodzi ndi chipewa chotetezera zimalemera makilogalamu 6 kapena 7. Chulukitsani ndi 5: khosi likulimbana ndi makilogalamu 30 mpaka 35, kuposa chidebe chodzaza cha malita 20 ndi theka lake lina, osati chosenza pamutu koma chokukokera cham'mbali, mobwerezabwereza kwa ola ndi theka. Mtima umagunda maulendo oposa 150 pa mphindi, ndipo kumalo otentha munthu amatha kutaya makilogalamu 2 kapena 3 a thukuta. Choncho mwana wa m'nazale amakhala ndi womulimbitsa khosi, womuuza zakudya, womuthandiza maganizo, ndi mainjiniya omuphunzitsa kuwerenga ma graph a momwe wayendetsera.

Kodi zimathandiza? Eya. Mu March 2024 ku Jeddah, Carlos Sainz wa Ferrari anadwala mwadzidzidzi. Timu inaitana Oliver Bearman wa m'nazale yawo, wa zaka 18. Anayeserera galimotoyo ola limodzi lokha asanapikisane pofuna malo oyambira, ndipo pa mpikisano weniweni anamaliza pa nambala 7. Zimenezo si mwayi. M'mera m'poyamba, anatero akuluakulu, ndipo apa sindikutsutsa.

Funso la mu labotale

Koma taganizani za phunziro la Biology lija la kumera kwa mbewu. Mukafuna kudziwa ngati madzi ndi amene amameretsa nyemba, simuika nyemba pa thonje lonyowa lokha. Mumaikanso zina pa thonje louma, control ija, kuti mufanizire. Popanda control simungadziwe chimene chachititsa.

Ndiye ndikufunseni: control ya Hamilton ili kuti? McLaren sinatole mwana aliyense mumsewu. Inatenga mwana amene anali atapambana kale mipikisano ya kart ku Britain. Ngati mwasankha mbande zobiriwira kale, n'kuzithirira, n'kukula bwino, mbali yanji ndi ya madzi anu ndipo mbali yanji ndi ya mbandeyo? Palibe timu imene inatengapo ana awiri ofanana ndendende, wina n'kumulera wina n'kumusiya, kuti tione kusiyana.

Palinso msampha wachiwiri umene asayansi amautcha survivorship bias, kuweruza potengera okhawo amene apulumuka. Timawerenga Vettel ndi Verstappen chifukwa ndi amene timawaona pa TV. Anyamata ambirimbiri amene analowa m'nazale yomweyo n'kutulutsidwa mwakachetechete sitiwawerenga, chifukwa sitiwadziwa n'komwe. Zili ngati sukulu yodzitama kuti onse amene analemba mayeso anakhoza, osanena kuti theka la kalasi inalichotsa mayeso asanafike. Mukamva nambala yokoma, muzifunsa kuti: mwa angati?

Bowo loyamba: kuweruza msanga

Mu 2019 Red Bull inakweza Pierre Gasly kupita ku timu yaikulu, n'kumutsitsa patatha mipikisano 12. Chaka chotsatira Gasly yemweyo, ali ku timu yaing'ono ya AlphaTauri, anapambana mpikisano wa ku Monza, ku Italy. Mu 2025 Liam Lawson anatsitsidwa patatha mipikisano iwiri yokha. Iwiri!

Ponyani kandalama kachitsulo m'mwamba kawiri. Kakagwera mbali imodzi maulendo onse awiri, kodi mungalumbire kuti kali ndi vuto? Ayi ndithu, zimenezo zimachitika kamodzi mwa maulendo awiri alionse. Muyenera kuponya kambirimbiri. Mu mpikisano wa galimoto zinthu zosokoneza n'zochuluka kuposa pamenepo: mvula, matayala, msewu wachilendo, galimoto yopangidwa mokomera kayendetsedwe ka mnzako. Sample yaing'ono imanama, ndipo imanama molimba mtima.

Onaninso kumene ena otayidwawo anakathera. Sébastien Buemi anachotsedwa ku Toro Rosso kumapeto kwa 2011, koma anadzapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans maulendo 4 ali ndi Toyota. Jean-Éric Vergne anachotsedwa mu 2014, n'kudzakhala katswiri wa Formula E, ya galimoto zamagetsi, kawiri. Luso linalipo; imene inasowa ndi nthawi. Pajatu mbali ya ubongo ya kutsogolo kwa mutu, imene imathandiza kuugwira mtima ndi kuyeza ngozi usanachite, imapitiriza kukhwima mpaka munthu atapitirira zaka 20. Kugamula tsogolo lonse la mwana wa zaka 17 kuli ngati kuzula chinangwa cha miyezi iwiri n'kumati sichinabereke.

Wina anganene kuti: "Koma achimwene, timu si sukulu, ndi bizinesi. Mipando inali 20 yokha, ndipo ngakhale ndi kubwera kwa timu ya Cadillac mu 2026 yangofika 22. Kudikira wina ndi kutsekereza wina." Zoona zimenezo, ndipo nkhanza za Red Bull zomwezo n'zimene zinapatsa Verstappen mpando mu 2016, n'kupambana mpikisano wake woyamba mu timuyo ku Spain ali ndi zaka 18. Sindikunena kuti asamachotse munthu. Ndikunena kuti timu imene imayeza phiko la galimoto kambirimbiri isanalikhulupirire isamayeze munthu kawiri kokha.

Bowo lachiwiri: sefa ya ndalama

Ili ndiye limandiwawa kwambiri. Nazale imasankha mwa ana amene ali kale pa kart, ndipo kufika pa kart ya mpikisano kumafuna ndalama zimene mabanja ambiri, ngakhale a ku Ulaya komweko, alibe. Pamwamba pa makwerero, chaka chimodzi cha Formula 2 chimadya mamiliyoni a mayuro. Bambo ake a Hamilton, a Anthony, ankagwira ntchito zingapo nthawi imodzi kuti mwana wawo apitirize. Makolo a Esteban Ocon wa ku France anagulitsa nyumba, banja n'kumakhala m'kalavani. Awa ndi amene anapyola. Amene makolo awo analibe nyumba yogulitsa sitidzawadziwa.

Apa ndiyenera kunena chilungamo: popanda nazalezi zinthu zikanaipa kwambiri, chifukwa Hamilton ndi Ocon akanathera panjira, mipando n'kutsalira ana a anthu olemera okhaokha. Koma nazale imafika mochedwa, ndalama zitasefa kale.

Ndili mwana tinkapanga galimoto za mawaya, matayala ake a zitsekerero za mabotolo, chiwongolero chake chachitali chofika m'chiuno. Panali mnzathu wina amene ankakhota pa mchenga mosagwetsa, ife tonse tikugubuduza. Sindikunena kuti akanakhala Hamilton. Ndikunena kuti palibe anamuyezapo, choncho palibe angadziwe. Africa ili ndi anthu oposa 1.4 biliyoni. Katswiri wa Formula 1 wochokera kuno ndi mmodzi yekha, Jody Scheckter wa ku South Africa, mu 1979, ndipo mpikisano womaliza kuchitikira kuno unali wa ku Kyalami mu 1993. Ndi maganizo ati omveka: oti mwa anthu onsewa mulibe wamaso akuthwa ndi manja ofulumira, kapena oti sefa sinafike kuno?

Funso lomweli likukhudza atsikana. Mayi womaliza kuyamba nawo mpikisano wa Formula 1 anali Lella Lombardi wa ku Italy, mu 1976. Ena amathamangira kunena kuti vuto ndi thupi. Koma atsikana oyamba kart ali aang'ono ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi anyamata, ndiye musanaloze thupi yambani mwaona kaye kuchuluka kwa olowa pakhomo. Mpikisano wa atsikana wa F1 Academy, umene unayamba mu 2023 motsogozedwa ndi Susie Wolff, ukuyesa kukulitsa khomolo. Zotsatira zake tiziweruza patapita zaka, osati mawa. Apo ayi tigwera m'dzenje la sample yaing'ono lija.

Umboni woti luso limabisala kunja kwa sefa ulipo. Kuyambira 2008 mpaka 2016, Nissan ndi PlayStation ankachititsa GT Academy, yosankha anthu kudzera mu gemu ya Gran Turismo. Jann Mardenborough wa ku Britain anapambana mu 2011 asanachitepo mpikisano wa galimoto yeniyeni, ndipo mu 2013 anamaliza pa nambala 3 m'gulu lake ku Le Mans. Munthu mmodzi si umboni wokwanira, ndavomera, nanenso ndisagwere mu msampha womwe ndakuchenjezani. Koma ndi wokwanira kugwetsa mfundo yoti aliyense waluso amapezeka pa kart.

Ndikanakhala ine

Ndikanapempha zinthu zitatu. Choyamba, matimu azifufuza kutali, pogwiritsa ntchito mipikisano ya pa kompyuta imene ndi yotchipa kwambiri kuposa kart. Chachiwiri, azipereka nthawi yokwanira asanagamule. Chachitatu, mwana aliyense wolowa m'nazale asasiye sukulu, chifukwa masamu a mipando 22 akusonyeza poyera kuti ambiri sadzafika. Kumbuyo kwa woyendetsa mmodzi kuli anthu mazanamazana: mainjiniya a kayendedwe ka mpweya, akatswiri a matayala, olemba mapulogalamu a kompyuta. Hamilton mwiniwake anakhazikitsa gulu lofufuza limene lipoti lake la 2021 linayang'ana kwambiri za khomo limeneli, la achinyamata akuda olowa uinjiniya. Khomo limenelo kiyi wake ndi Masamu ndi Physics, ndipo ali kale m'chikwama chanu.

Tsono nayi ntchito ya kunyumba. Sabata ino mukamva nkhani ya wina amene "anapangidwa" ndi sukulu inayake, timu inayake kapena mphunzitsi winawake, mufunse mafunso atatu. Analowa angati? Amene sanafike ali kuti? Nanga amene sanaloledwe n'komwe kulowa, anawayeza ndani? Mukandipezera yankho la funso lachitatulo, mundiuze, chifukwa mnzanga wa galimoto ya mawaya uja ndikanakonda kumudziwitsa.