Zomera Pochiza Mawere a Ng'ombe: Chiyembekezo Chilipo, Umboni Ukuperewera

PRETORIA — Mlimi akaona bere la ng'ombe litatupa, mkaka ukutuluka ndi mibulu, amadziwa kuti mavuto abwera awiri. Ng'ombeyo yadwala mastitis, ndipo akaibaya maantibayotiki, mkaka wake sugulitsidwa kwa masiku angapo kufikira mankhwalawo atatha m'thupi. Kwa amene ali ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri, monga alimi ambiri a ku Thyolo m'Malawi kapena ku Monze m'Zambia, masiku amenewo pakhomo sipalowa ndalama.

Chachitatu nchoopsa koposa: tizilombo tina tayamba kupima mankhwala. M'chaka cha 2024 mayiko a m'bungwe la United Nations adalonjeza kuchepetsa kugwiritsa ntchito maantibayotiki pa ulimi pofika 2030. Nchifukwa chake maso a akatswiri atembenukira ku zomera.

Ku Onderstepoort, nthambi ya zaziweto ya University of Pretoria, ofufuza akhala akuyesa mphamvu ya masamba a mitengo ya m'dera lino pa tizilombo toyambitsa matendawa, makamaka Staphylococcus aureus. Kwina kwayesedwa thymol, carvacrol ndi eugenol, zomwe zimapezeka m'zomera zokometsera chakudya ndipo zimaboola khungu la mabakiteriya. M'mbale ya mu labotale zotsatira zimasangalatsa.

Koma bere si mbale. Mafuta ndi mapuloteni a mumkaka amafooketsa mphamvu ya mankhwala otere, ndipo mlingo wokwanira kupha tizilombo ukhoza kuwononganso mnofu wa mkati mwa bere. Staphylococcus aureus naye ngochenjera: amabisala m'maselo ndi kudzikuta ndi ulimbo umene ngakhale maantibayotiki amavutika kuudutsa. Onjezerani kuti tsamba lothyoledwa m'dzinja silifanana mphamvu ndi la m'chilimwe, ndiye kuti mlingo weniweni ngwovuta kuutchula.

Dziko la India lidatsata njira ina. Bungwe lake la National Dairy Development Board lidaphunzitsa alimi kusinja aloe vera, turmeric ndi njereza pang'ono, nkupaka phalalo kunja kwa bere kangapo patsiku. Njirayi njotchipa, ndipo mkaka sutayidwa. Komabe, ng'ombe zina zodwala pang'ono zimachira zokha, choncho kuchuluka kwa zochira sikutsimikiza kuti phalalo ndilo lachiza. Pamafunika kuyerekeza ng'ombe zopakidwa ndi zosapakidwa, m'makola a kuno.

Kafukufuku wotereyu ngoyenera kulipiridwa ndi maboma athu, pakuti makampani sathamangira chomera chimene aliyense angadzale kuseri kwa nyumba. Mabungwe osonkhanitsa mkaka ali kale ndi mayina a alimi ndiponso amayeza mkaka tsiku lililonse. Poyambira ndi pomwepo.

Pakadali pano alangizi a ziweto aziwuza alimi mosabisa kuti madzi a zitsamba asamathiridwe mkati mwa bere, chifukwa amalowetsa tizilombo tina. Ng'ombe yotentha thupi, yosiya kudya, imafuna dokotala tsiku lomwelo. Ndipo kusamba m'manja, kupukuta bere lililonse ndi nsalu yoyera, kuviika nsonga za mawere m'mankhwala akatha kukama ndi kuumitsa khola zimateteza ng'ombe zambiri kuposa chomera chilichonse chimene chayesedwa mpaka lero.