Buku Labwino Limasiyira Wowerenga Mlandu

Pali funso limodzi limene limamveka m'makalasi ambiri ana akangotseka buku la nthano, ndipo funsolo ndi lakuti: "Kodi nkhaniyi ikutiphunzitsa chiyani?" Ana amalidziwa bwino funso limeneli, kotero kuti yankho lake amakhala atalikonza kale asanafike ndi pakati pomwe pa buku. Wina amati ikutiphunzitsa kuti kuba nkoipa, wina amati tizimvera makolo, mphunzitsi nkuchonga, phunziro nkuthera pomwepo. Ife amene takhala tikuwerenga nthano zazitali kwa zaka zambiri, zina m'Chichewa, zina m'Chingerezi, zinanso zomasuliridwa kuchokera m'Chifalansa ndi m'Chirasha, tafika poona kuti funso limeneli lazimitsa chidwi cha kuwerenga mwa ana ochuluka. M'nkhani ino tikufuna kukuuzani, inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi, maganizo athu pa mabuku angapo amene tawerenga. Mfundo yathu ndi yakuti buku labwino limafanana ndi bwalo la milandu: mlembi amaitana mboni zonse, koma chigamulo amasiyira wowerenga. Mphunzitsi amene wamvetsa zimenezi adzaphunzitsa nthano mwa njira ina.

Mabuku a kwathu kuno

Tiyambe ndi mabuku a kwathu, pakuti mphunzitsi wodziwa za London koma osadziwa za Nkhoma ali ngati munthu woloweza mayina a mafumu akutali pamene nyakwawa ya m'mudzi mwake sakuidziwa.

Buku la Nthondo, limene analemba Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Mishoni ya Nkhoma, linatuluka m'chaka cha 1933, ndipo linapata mphotho pa mpikisano wa mabuku olembedwa m'zinenero za mu Africa. Chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi nalitcha Man of Africa. Kwa ife, chigawo choyamba cha bukuli ndicho chokoma koposa. Timamuona Nthondo akukula, akusanduka mnyamata wamakani ndi wakuba, akupita kutali kukafuna ntchito, kenaka nkubwerera kudzalowa ufumu. Ntara anaudziwa mudzi wa Achewa mpaka kuseri kwa nkhokwe, ndipo pamene akulemba za kubadwa kwa mwana, za maliro ndi za milandu, wowerenga amachita kumva fungo la utsi wa m'mudzimo. Koma Nthondo akangolowa Chikhristu, nkhani imayamba kuyenda mothamanga ngati wapaulendo amene waona kuti dzuwa lapendeka. Kutembenuka mtima kwakeko ife tilibe nako mlandu. Chimene chimatidandaulitsa nchakuti pamenepa mlembi amakhala pa mpando wa mlaliki, ndipo wowerenga sapatsidwanso mpata woganiza yekha.

Sikusinja ndi Gwenembe, la John W. Gwengwe, ndi buku limene ana amalikonda, ndipo ali ndi chifukwa. Mizu yake ili m'nthano za pamoto, ndipo mbalame yoimba imene imaulula kuti Gwenembe wapha mbale wake imakhazikika m'mutu mwa mwana moyo wake wonse. Chichewa chake nchosalala, choyenera kuwerengedwa mokweza. Komabe mlandu wake ngwapoyera, chifukwa wabwino ndi woipa timawadziwa kuyambira pachiyambi. Buku lotere ndi khomo labwino lolowera m'nyumba ya mabuku, koma mwana asamangoima pakhomo.

Tsono taonani Jingala, buku limene Legson Kayira analemba m'Chingerezi ndipo linatuluka m'chaka cha 1969. Jingala ndi bambo wachikulire amene anapuma pa ntchito yokhometsa msonkho. Mkazi wake anamwalira, ndipo mwana wake Gregory, amene ali pa sukulu ya ansembe achikatolika, waganiza zodzakhala wansembe. Bamboyo akumva zimenezi akumuchotsa mwanayo pa sukulu. Kodi wolakwa ndani pamenepa? Kodi ndi bambo amene analipira sukulu zaka zonsezo akuyembekeza kudzaona zidzukulu, kapena ndi mwana amene wasankha njira yake? Kayira amatiseketsa ndi kudzitama kwa Jingala, ndipo tikaseka mokwanira amatichititsa chisoni ndi munthu yemweyo. Ameneyu ndiye mlembi wodziwa kuyendetsa bwalo.

Mabuku a maiko ena

Ambiri mwa inu munawerenga Things Fall Apart, buku la Chinua Achebe wa ku Nigeria, limene linatuluka m'chaka cha 1958. Tikukupemphani kuti muliwerengenso, tsopano popanda mantha a mayeso. Kumbukirani pamene Okonkwo akupha Ikemefuna, mnyamata amene anakhala m'nyumba mwake zaka zitatu namutcha bambo. Mkulu wina wa m'mudzimo anali atamuchenjeza kuti dzanja lake lisakhudze nawo imfa imeneyi, koma iye anatema yekha poopa kuonedwa ngati wofooka. Achebe satiuza kuti timude Okonkwo, ndiponso satiuza kuti timukhululukire. Amangotionetsa manyazi amene Okonkwo anali nawo chifukwa cha ulesi ndi ngongole za bambo wake Unoka, natisiya kuti tiyeze tokha kulemera kwa mantha amenewo. Nchifukwa chake anthu akhala akutsutsana za Okonkwo kwa zaka zoposa 60, ndipo mlanduwo sunathebe.

Kuchokera ku Senegal tili ndi buku la Mariama Bâ, limene analemba m'Chifalansa ndipo linatuluka m'chaka cha 1979. M'Chingerezi limatchedwa So Long a Letter. Bukuli ndi kalata yaitali imene Ramatoulaye, mayi wa ntchito ya uphunzitsi, akulembera mnzake wa paubwana Aissatou. Amuna a amayi awiriwa anatenga akazi achiwiri. Aissatou anatenga ana ake nachoka. Ramatoulaye anakhalabe pa banja, ngakhale kuti mkazi wachiwiriyo anali mnzake wa mwana wake wamkazi, ndipo mwamunayo anamutaya ndi ana 12. Mlembi akutipatsa mayankho awiri pa vuto limodzi, ndipo onse awiri akuwalemekeza. Pa mabuku onse amene tawatchula, ili ndi limene tikufuna kuti mphunzitsi wamwamuna aliyense aliwerenge asanapatsidwe kalasi la atsikana.

Kwa amene ali ndi mtima wopirira mabuku aakulu, pali Crime and Punishment la Fyodor Dostoevsky, lolembedwa m'Chirasha, la m'chaka cha 1866. Raskolnikov, mnyamata wosauka amene analekeza maphunziro a ku yunivesite, akupha mayi wokalamba wokongoza ndalama mwa katapila, atadzinamiza kuti dziko lipindula ndi imfa yake. Wakupha timamudziwa kuyambira koyambirira, choncho bwalo lonse limachitikira mumtima mwa mnyamatayo. Tivomereze kuti bukuli lili ndi malo ena otopetsa, ndipo mayina ake ngovuta kutchula, koma palibe buku lina limene linationetsa bwino chotere mmene munthu wophunzira angagwiritsire ntchito nzeru zake podzipusitsa yekha.

Nanga nthano za upandu?

Aphunzitsi ena amati nthano za apolisi ndi zigawenga nzachabe, ndipo akapeza mwana akuwerenga buku lotere amalanda. Ife sitigwirizana nawo. Mabuku a James Hadley Chase, ndiponso a gulu la Pacesetters amene kampani ya Macmillan inayamba kusindikiza m'chaka cha 1977, anaphunzitsa achinyamata ambiri a m'dziko muno kuwerenga Chingerezi mofulumira kuposa mmene buku lililonse la galamala likanachitira. Zoona, ampangankhani a Chase amafanana ngati nyemba za m'khoko limodzi, ndipo akazi m'mabuku ake amaoneka ngati katundu. Zimenezi nzofunika kuzikambirana ndi wophunzira, koma kukambiranako kumatheka pokhapokha ngati buku likadali m'manja mwake.

Ngakhale pakati pa nthano zoterezi zilipo zina zimene zimasiyira wowerenga mlandu. Mu Murder on the Orient Express, buku la Agatha Christie la m'chaka cha 1934, wofufuza milandu Hercule Poirot akupeza kuti munthu wophedwa m'sitima ya pamtunda anali chigawenga chimene chinaba ndi kupha mwana wamng'ono nkuzemba chilango, ndipo amene amupha ndi anthu 12 amene imfa ya mwanayo inawasweka nayo mitima. Poirot akupereka mafotokozedwe awiri, oona ndi abodza, nalola kuti apolisi auzidwe abodzawo. Kodi anachita bwino? Funso limeneli likhoza kudya phunziro lathunthu, ndipo ana a kwathu kuno, amene amamva za anthu olanga okha mbava m'misika, ali ndi zambiri zonena pa ilo.

Zimene tingachite m'kalasi

Mwina mukufunsa kuti zonsezi zikukhudzana bwanji ndi mwana wa Sitandade 6. Mabuku ambiri amene tawatchulawa ndi chakudya cha inu aphunzitsi. Chimene muyenera kupita nacho kwa ana ndi kawerengedwe kake, ndipo tikupereka njira zinayi.

Choyamba, werengerani ana mokweza, ngakhale mphindi 10 zokha pa tsiku. Kuchokera m'chaka cha 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, makalasi akhala odzaza ndipo mabuku sakwanira. Koma buku limodzi ndi mawu a mphunzitsi zimakwanira ana 100. Ngũgĩ wa Thiong'o wa ku Kenya analemba nthano yake ya m'Chikikuyu, imene m'Chingerezi imatchedwa Devil on the Cross, pa mapepala a m'chimbudzi ali m'ndende ya Kamiti m'chaka cha 1978. Itasindikizidwa m'chaka cha 1980, anthu ankawerengerana mokweza m'nyumba, m'mabasi ndi m'malo omwera mowa, kotero kuti ndi osadziwa kuwerenga omwe anaimva.

Chachiwiri, imani pa mphambano. Mpangankhani akafika poti asankhe chochita, tsekani buku ndi kufunsa kuti: "Mukanakhala inu mukanatani?" Musawerenge zotsatira mpaka mawa. Mudzaona ana akukutsatirani panja kufuna kudziwa mathero.

Chachitatu, khazikitsani bwalo. Ena akhale oimba mlandu, ena oikira kumbuyo woimbidwa mlanduyo, ena akhale nduna zogamula. Ngakhale Gwenembe apatsidwe womuyankhulira, kuti ana afufuze chimene chinabzala nsanje mumtima mwake. Lamulo likhale limodzi lokha: aliyense wonena mfundo aonetse pamene zalembedwa m'buku. Pamenepo mwana amabwerera yekha ku tsamba kukafuna umboni, ndipo kumeneko ndiko kuwerenga komvetsa kumene timakufuna. Ngati buku ndi la Chingerezi ndipo ana akukakamira mawu, aloleni ayambe kutsutsana m'chinenero chimene amaganizira, kenaka alembe chigamulo chawo m'Chingerezi.

Chachinayi, inu aphunzitsi musafulumire kunena maganizo anu. Mfumu yanzeru imayankhula pomaliza. Mukayamba ndinu, ana onse adzangovomereza, ndipo bwalo lidzasanduka msonkhano wolandira malamulo.

Madandaulo awiri

Alipo amene adzati mayeso amafuna kuti mwana atchule phunziro la nkhani, choncho njira yathuyi njotaya nthawi. Yankho lathu nlakuti mwana amene watsutsana ndi anzake za Gwenembe amaidziwa nkhaniyo kuposa amene analoweza manotsi, ndipo phunziro akalifunsidwa adzalitchula pamodzi ndi umboni wake. Mayeso amabwera kamodzi, pamene kuwerenga mwana adzakufuna pa fomu ya kuchipatala, pa pangano la ngongole ndi pa pepala lovotera.

Ena adzati ana amafunika kuuzidwa chabwino ndi choipa momveka, chifukwa kuwasiya aganize okha nkuwasokeretsa. Dandaulo ili ndi lolemera, ndipo sitikulipeputsa. Ana aang'ono kwenikweni amafunadi nthano zokhala ndi malire ooneka. Koma tikumbukire kuti makolo athu, amene sankasewera ndi mwambo, ankalola anyamata kukhala m'mphepete mwa bwalo kumvetsera milandu, chifukwa ankadziwa kuti nzeru zoweruzira zimakula pomva mbali zonse ziwiri. Mwana amene amangouzidwa mayankho adzakhala womvera pokhapokha womuuzayo ali pafupi. Tsiku limene adzakumane ndi vuto losalembedwa m'manotsi, adzatsata aliyense wofuula kwambiri.

Pomaliza, tikukupemphani kuti musatuluke pa koleji pano musanawerenge nthano zazitali zosachepera zitatu zimene palibe wakutumani: imodzi ya m'Chichewa, imodzi ya dziko lina la mu Africa, ndi imodzi ya mtundu umene mumaupeputsa. Pitani ku laibulale ya koleji kapena ku nthambi ya National Library Service imene ili pafupi nanu, bwerekanani mabuku m'magulu, ndipo mukawerenga tsutsanani. Mwina mudzapeza kuti chigawo chomaliza cha Nthondo chimene ife tachidandaula inu chakukomerani, kapena kuti Okonkwo simukumumvera chisoni ngakhale pang'ono. Zikatero tilembereni, pakuti tsamba lino nalonso ndi bwalo, ndipo mutu umodzi susenza denga.