Fizi yachoka, koma udindo wa mudzi pa maphunziro sunathe

Pomwe boma linalengeza mu 2025 kuti maphunziro a sekondale m'sukulu zake akhala aulere kuyambira Januwale 2026, makolo ambiri anapumira m'mwamba. Komabe mbiri ya maphunziro m'dziko muno ikusonyeza kuti kuchotsa fizi kumangotsegula khomo. Chomwe chimasunga mwana m'kalasi kufikira atalemba mayeso a MSCE ndi khama la anthu a m'dera lake.

Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Malo ku sekondale anachepa, ndipo mu 1998 boma linasandutsa malo ophunzirira a MCDE kukhala sukulu za sekondale zoyendera, zodziwika kuti CDSS. Zambiri mwa sukuluzi zinakula ndi thukuta la anthu akumudzi omwe ankaumba njerwa, kututa mchenga ndi kumanga nyumba za aphunzitsi.

Pa nkhani ya atsikana, ndondomeko yolola amene abereka kubwerera kusukulu inakhazikitsidwa mu 1993, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18. Koma lamulo siligogoda pakhomo. Amene amayenda khomo ndi khomo kukafunsa chomwe chajombetsa mwana ndi magulu a amayi, makomiti a makolo ndi aphunzitsi komanso mafumu. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto ya m'boma la Dedza inathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera anawo kusukulu pogwiritsa ntchito malamulo a m'mudzi omwe inagwirizana ndi nyakwawa zake. Nalo bungwe la CAMFED, lomwe linayamba ntchito zake m'Malawi mu 2009, limadalira makomiti a m'madera posankha atsikana ovutikitsitsa oti athandizidwe.

Zopinga zomwe zatsala n'zomwe fizi yaulere singazithetse payokha: njala, yunifolomu, makope ndi mtunda. Ophunzira ochokera kutali amachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira okha, ndipo kumeneko n'komwe atsikana ambiri amagwera m'manja mwa abambo owanyengerera ndi ndalama. Apa mpomwe kumanga malo ogona atsikana ndi kulima munda wa sukulu kukuposa chithandizo china chilichonse chomwe mudzi ungapereke.

Pofooka kwambiri ndi pa mlatho wochoka Fomu 4 kupita ku koleji. Sukulu za ukachenjede za boma zilipo zisanu ndi imodzi, ndipo malo amalimbiranidwa. Wophunzira wa pa CDSS yopanda labotale ndi mabuku okwanira amapikisana ndi mnzake wa pa sukulu yogonera konko. Ngakhale akhoze bwino, kawirikawiri sadziwa nthawi yofunsira malo kudzera ku bungwe la NCHE, kapena kuti kuyambira 2015 kuli bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira osowa a m'sukulu za ukachenjede.

Choncho makomiti omwe kale ankatolera ndalama za chitukuko cha sukulu ali ndi ntchito yatsopano: kulemba mayina a ana omwe akhoza, kuwathandiza kulemba mafomu ndi kuwasonkhera yoyendera. Mutu umodzi susenza denga. Boma lachotsa fizi, koma mwana amene mudzi wasiya kumulondola adzabwererabe kumunda satifiketi ili m'chikwama.