Mawu ndi Magwero Ake: "Recalcitrant"

Pali mawu ena a Chingerezi amene aphunzitsi ena amalemba pa lipoti la mwana wovuta. Mawuwa ndi "recalcitrant". Kwathu kuno munthu wotere timati ngwamakani, ngwaliuma, kapena nkhutukumve, ndiye kuti munthu wosagonjera akuluakulu ngakhale amulangize motani. Koma kodi ife olemba mawuwa timadziwa kumene anachokera?

Gwero lake ndi Chilatini, chinenero cha Aroma akale. Iwo chidendene ankachitcha "calx", ndipo pa dzina limeneli panabadwa mneni "calcitrare", kutanthauza kumenya theche. Atawonjezera "re-" kumayambiriro kwake, tanthauzo linakhala kumenya theche cham'mbuyo, monga achitira bulu kapena kavalo pokana womuyendetsa. Mawuwa anadzera m'Chifalansa, nalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1800.

Choncho, awerengi, tikamutchula mwana kuti "recalcitrant" tamuyerekeza ndi chiweto. Ngati tatero, tiyeni titsanzirenso nzeru za mwini chiwetocho. Mlimi wodziwa ngolo, bulu wake akayamba matheche, sathamangira chikwapu. Amayamba waona ngati katundu walemera, ngati chingwe chatupula chilonda pakhosi, kapena ngati nyamayo yagona ndi njala. Bulu kawirikawiri saponya mwendo popanda chomupweteka.

Mwana nayenso ali chimodzimodzi. Wina amakana kuwerenga pamaso pa anzake chifukwa maso ake saona bwino. Wina amafika mochedwa chifukwa amayamba walima asananyamuke. Mphunzitsi akalemba mawu olemerawa asanafunse, wagamula mlandu wosaumva. Ndipo inki sifufutika msanga: mawu omwewo akalowa m'kalata ya umboni, adzamutsata mwanayo mpaka pakhomo pamene akukapempha ntchito, kwa bwana amene sadzamva mbali yake.

Sindikunena kuti makani onse ali ndi chifukwa chomveka, ayi. Inu amene mwangotsiriza sukulu, musanyadire liuma ngati kuti ndiko kulimba mtima. Wolimba mtima amamvetsera kaye, kenaka n'kukana choipa mwaulemu atafotokoza chifukwa chake. Wamakani amakana asanamve n'komwe, ndipo akuluakulu anati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Koma pempho langa lalikulu likupita kwa ogwira cholembera. Musanalembe mawu amenewa pa dzina la mwana wa mwini, muitaneni pambali, mumufunse pamene chingwe chikumupweteka.