Maola atatu ku Córdoba ndi mayi wodziwa mithunzi

Nditauza mayi a kunyumba kuti ndalipira munthu woti atiyendetse wapansi, awiriwiri, mumzinda wa Córdoba ku Spain, anandiyang'ana ngati ndagula madzi a pachitsime chathu chomwe. Mapu ali pafoni, zikwangwani zili ponseponse, komanso alipo magulu aja olondola munthu wonyamula ambulera, amene pomaliza umangopereka kangachepe. Nanenso mumtima ndinkadziwa kuti mayuro ndamwaza. Koma madzi akatayika saoleka.

Mayi amene anatichingamira pa mlatho wakale wa Aroma, pa mtsinje wa Guadalquivir, anali mbadwa ya momwemo. Asanatchule dzina la mfumu iliyonse anayamba ayang'ana nsapato zathu, n'kufunsa ngati tanyamula madzi akumwa. Munali mu Julayi, nyengo imene kumeneko kumatentha kupitirira madigiri 40. Amene anagonako ku Nsanje mu Okutobala akundimva. Ndiye anati ulendo wathu ulondola mthunzi, ndipo zinaterodi. Ankadziwa khoma limene limakhala ndi mthunzi nthawi yakuti, ngati mmene mbusa amadziwira mitengo ya kudambo.

Tinjira ta m'dera lakale la Ayuda, lotchedwa Judería, n'topanikizika kwambiri. Ine ndinkayesa kuti akalewo ankaumira malo. Mayi otiyendetsa aja anaseka, n'kunena kuti m'kanjira kotero dzuwa silikhalitsamo, ndipo laimu wa pamakoma amabweza kutentha. Tinasuzumira m'kasunagoge komangidwa cha m'ma 1315, kamene kanasiya ntchito yake Ayuda atathamangitsidwa ku Spain mu 1492. Tinadutsanso pa chiboliboli cha Maimonides, dokotala ndi katswiri wamaphunziro wobadwira mumzindawu. Nsapato yake inachita kunyezimira ndi manja a alendo.

Kumene ndalama yanga inabwerera ndi mu Mezquita, mzikiti waukulu umene Abd al-Rahman I anayamba kumanga cha m'ma 785. Ukangolowa umangoona nkhalango ya mizati yoposa 800, pamwamba pake pali timakhomo tokhota, tofiira ndi toyera, tosanjikizana tiwiritiwiri. Ndikanakhala ndekha ndikanajambula zithunzi n'kutuluka. Mayiwo anatiimika pa mzati umodzi n'kutiuza kuti tiuyerekeze ndi unzake. Wina unali wa mwala wotuwa, wina wofiirira, mitu yake yosemedwa mosiyana. Omanga oyambirira anachita kuzula mizatiyo m'nyumba zakale za Aroma ndi za Avisigoti. Popeza inali yaifupi, anasanjikiza timakhomo tija kuti denga likwere. Kukongola kumene dziko lonse limabwerera kudzaona kunayamba ndi kuperewera kwa zipangizo.

Kenako anatitengera mbali imene wolamulira wina, Almanzor, anawonjezera chakumapeto kwa zaka za m'ma 900, n'kutifunsa ngati tikuona kusiyana. Ine ndinati palibe. Mayi a kunyumba, amene maso awo saphonya pamene telala wasokonekera, anadekha pang'ono n'kunena kuti kufiira kwa kuno n'kopaka. Anakhoza. M'chigawo chakale, chofiiracho ndi njerwa yeniyeni yosinthana ndi mwala. Kwa Almanzor ndi mwala wokhawokha wopakidwa utoto. Pa mizati ina mayi otiyendetsa aja anationetsanso tizizindikiro timene amisiri osema ankasiya. Ndinaika chala pa kamodzi, ngakhale sindikudziwa ngati n'zololedwa.

Nthawi yonseyi magulu a anthu makumi atatu ankangotidutsa, aliyense ali ndi kachipangizo kukhutu, akuthamangira ambulera. Sindikuwanyoza, poti thumba limasiyana. Koma pagulu lotero ungafunse bwanji funso lopusa? Ine ndinafunsa angapo. Limodzi linali lakuti, kodi tchalitchi chachikulu chikutani pakatikati pa mzikiti? Mfumu Fernando III italanda mzindawu mu 1236, nyumbayi inasanduka tchalitchi, koma chimango chachikulu cha pakatipo anayamba kuchimanga mu 1523, Mfumu Carlos V italoleza. Anthu amasimba kuti mfumuyo itadzaona ntchitoyo inadandaula. Nsanja ya belu nayo inameza nsanja yakale yoitanira mapemphero, imene idakali m'kati mwake. Nditafunsa maganizo awo, mayiwo sanazembe. Anati chimangocho chinawononga maonekedwe, komabe mwina n'chimene chinachititsa kuti nyumba yonseyo isagumulidwe. Anawonjezera kuti abale awo ena samva zimenezo, ndipo za dzina ndi umwini wa malowa amakangana mpaka lero.

Chimodzi chokha chinanditopetsa: mayina a mafumu. Abd al-Rahman alipo angapo, ndipo pofika wachitatu mutu unali utadzaza. Nditawauza, anasiya pomwepo osakhumudwa.

Nthawi ya 2 koloko, pamene anthu a kumeneko amadya nkhomaliro, anatisiya pa kamalo kodyera kopanda chikwangwani cha Chingelezi, atatiitanitsira salmorejo. Ndi phala lozizira la tomato, buledi, adyo ndi mafuta a maolivi, pamwamba atawazapo dzira lophika ndi tinyama ta nkhumba. Mayi a kunyumba analawa kamodzi, kawiri, n'kukokera mbale yanga kwa iwo. Za mayuro aja sanazitchulenso mpaka tinakwera sitima.