Hard drive ikapsa, siyani sikuludiraiva pansi

Mwezi watha mnzanga wogona naye chipinda chimodzi analakwitsa kanthu kakang'ono. Anatenga chaja ya laputopu, ya mavoti 19, n'kuilumikiza ku hard drive yake yakunja imene imafuna mavoti 12 okha. Mitu ya machaja awiriwa imafanana. Panamveka kafungo ka pulasitiki yopsa, basi hard drive ija inangoti zii. M'menemo munali masikimu, mapulani a maphunziro ndi lipoti lonse la teaching practice, ntchito ya miyezi itatu.

Pasanathe ola alangizi anali atadzaza pakhomo. Wina anati tiyiike mufiriji usiku wonse. Wina anabwera ndi sikuludiraiva kuti tione m'kati. Ine maganizo anga ndi akuti mafayilo ambiri amene timataya satayika chifukwa cha kupsako, koma chifukwa cha manja athu othamanga.

Hard drive ili ndi mbali ziwiri. M'kati mwa chitsulo chomata muja muli timbale tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndipo mafayilo amalembedwa pamenepo mwa mphamvu ya maginito. Kunja kwake, chapansi, kuli kabolodi kobiriwira koyendetsa zonse. Magetsi akachuluka, kawirikawiri chimene chimapsa ndi kabolodiko, pamene timbale timakhala tili bwinobwino. Ma hard drive ambiri ali ndi kachipangizo kotchedwa TVS diode, kamene ntchito yake ndi kupsa koyamba kuti zina zipulumuke.

Amene amatsegula chitsulo chija ndiye amawononga. Kamutu kowerenga mafayilo kamayandama pafupi kwambiri ndi mbale, moti kafumbi kamodzi kakhoza kukanda pamene pali ntchito yanu, ndipo pokandika sipabwereranso. N'chifukwa chake akatswiri amatsegulira m'chipinda chapadera chosefa mpweya. Za firiji nazo n'zoopsa, chifukwa chinyontho chimatsalira m'kati.

Enanso amati ungogula hard drive yofanana n'kusinthanitsa mabolodi. Kale zinkatheka, koma pa ma hard drive amakono si zokwanira. Pa bolodi pamakhala kachipu ka ROM, nthawi zambiri ka miyendo 8, kosunga miyeso ya hard drive imeneyo yokha basi. Kachipuko kayenera kuchotsedwa mosamala pa bolodi yopsayo n'kuwotchereredwa pa yatsopano. Mukataya bolodi yopsa poganiza kuti yatha ntchito, mwataya kiyi wa nyumba yanu yomwe.

Ndikudziwa yankho la ambiri: katswiri amafuna ndalama, ndipo wophunzira alibe. N'zoona. Koma kudikira n'kwaulere. Hard drive yozimitsidwa yosungidwa pouma siitaya mafayilo chifukwa yakhala mwezi umodzi m'kabati. Imene imatha ndi imene mukuilumikiza ku magetsi kakhumi "kuti mwina iyaka". Safunsa anadya phula. Ndipo mukapita kwa wokonza, mufunseni ngati amadziwa zosamutsa ROM. Akayamba kukamba zofomata, tengani katundu wanu muzipita.

Mnzanga uja anadekha masabata awiri mpaka makolo atatumiza kangachepe. Wokonza anapeza kuti diode yokha ndiyo inapsa. Ataichotsa, timbale tinazungulira, ndipo anakopera zonse nthawi yomweyo. Sikuti zimatha chonchi nthawi zonse: magetsi akalowerera mpaka ku timitu ta m'kati, mtengo wake umaposa wa laputopu imene.

Apa ndiye pali mfundo yanga yachiwiri. Tisiye kutcha zimenezi tsoka. Ife tikuphunzira uphunzitsi, ndipo mawa tidzasunga malikisi a ana a eni. Kodi tidzauza kholo kuti zotsatira za mwana wake zinapsa ndi chaja? Akatswiri amalangiza kusunga fayilo iliyonse yofunika katatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, kope limodzi likhale kutali ndi inu. Kwa ife zikutanthauza laputopu, fulashi ndi intaneti. Google Drive imapereka 15 GB kwaulere, ndipo lipoti la Word silitha bandulo yochuluka.

Lero lomwe, musanagone, kopani ntchito yanu pena. Ndipo pa chaja iliyonse matanipo kapepala kolemba mavoti ake.