Gombe la Durban ndi la aliyense

Mukadzafika ku Durban, mudzalawirire m'mamawa kukayenda mumsewu wa anthu oyenda pansi wa m'mphepete mwa nyanja, umene ambiri amautcha Golden Mile. Mudzayambire kum'mwera, pa uShaka Marine World, malo oonetserako nsomba ndi zamoyo zina za m'nyanja amene anatsegulidwa mu 2004. Polowera kumpoto mudzakumana ndi abambo okoka ngolo za rickshaw atavala zisoti za mikanda ndi nyanga. Ntchito yawoyi inayamba m'zaka za m'ma 1890. Chapatsogolo mudzaona bwalo la Moses Mabhida, limene linamangidwa pokonzekera mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010.

Komabe chokondweretsa koposa ndi anthu. Pa nthawi ya tsankho, magombe abwinowa anali a azungu okha, ndipo lamulo logawa malo motero linathetsedwa mu 1990. Lero agogo, ana ndi alendo amasambira limodzi osalipira kanthu.

Ufulu umenewu umafuna chisamaliro. Madzi osefukira a mu 2022 atawononga mapaipi a zonyansa, magombe ambiri anatsekedwa kwa miyezi ingapo, ndipo amayi ogulitsa mikanda anasowa owagula. Kutsegulira anthu onse gombe kunali chiyambi chabe. Udindo wa khonsolo tsopano ndi kusamala madziwo.